Ndinadikira voti ya ku Mangalande, sitandi inapita

Ine ndine kalipentala, ndimakhoma mabedi ndi masofa ku Glen View kuno ku Harare. Ndinabadwira ku Mufakose, koma kwathu ndi ku Dedza, kumene ababa anachokera mu 1956 kubwera ku Halale, monga iwo amatchulira mpaka lero. Ku Mangalande sindinapondeko. Komabe nkhani yoti dziko la Britain lituluke mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, wa EU, inandidyera ndalama kawiri. Kachiwiriko anandibera ndi munthu, koma koyamba ndinadzibaya ndekha. Ndikulemba izi chifukwa ambiri a ife kuno timadya ndalama zochokera kunja, ndipo ndale za kunjako timazitsutsana ngati mpira, osadziwa kuti zikhoza kutilowera m'thumba.

Achemwali anga aakulu ndi namwino. Anapita ku Britain mu 2003 ndipo amakhala ku Luton. Tinagwirizana kalekale kuti tigule sitandi, imene kumudzi amati puloti, poti m'nyumba ya ababa ya zipinda zinayi tinkagonamo anthu khumi ndi mmodzi. Iwo ankasunga mapaundi, ine ndinkasaka malo. Mu Meyi 2016 ndinapeza sitandi cha ku Budiriro, mwini wake akufuna madola 9,800 a ku America. Ndinapereka chikole cha madola 800, tinalemberana kuti 9,000 yotsalayo ndimalize pofika pa 31 Julayi, ndikalephera chikole chapsa. Achemwali anali ndi mapaundi 6,200. Masiku amenewo paundi imodzi inkagula pafupifupi dola imodzi ndi masenti 45, ndiye ndikawonjezerapo pang'ono za m'thumba mwanga, ndalama zinkakwana. Gwirani mawu amenewa: ndalama zinali zokwana, ndipo achemwali anali okonzeka kutumiza sabata yomweyo.

Nthawi imeneyo mtsutso wa Brexit, woti Britain ituluke mu EU kapena ayi, unali utafika pachimake. Nduna yaikulu David Cameron anali ataitanitsa riferendamu ya pa 23 Juni, iye akuchonderera anthu kuti akhalebe mu EU, pamene Boris Johnson ndi Nigel Farage ankati atuluke. Mungadabwe kuti ife za azungu zinkatikhudza bwanji, koma pafupifupi banja lililonse ku tchalitchi kwathu lili ndi wina ku Luton, ku Leicester kapena ku Leeds. Tikaweruka mapemphero, azibambo tinkaima pansi pa mtengo mpaka amayi kutopa kutidikira. Mkulu wina ankati akatuluka zitikomera, chifukwa adzakumbukira mayiko a Commonwealth. Wina ankamuyankha kuti Zimbabwe inatuluka mu Commonwealth mu 2003, nanga ife a makolo a ku Malawi koma obadwira kuno adzatiwerengera mbali iti? Mnyamata wina wophunzira ankati zilango zimene EU inaika pa akuluakulu a boma la Zimbabwe mu 2002 zinkakankhidwa ndi Britain, ndiye Britain ikachokamo zidzafewa. Aliyense ankalankhula ngati anali nawo pa msonkhano wa nduna.

Achemwali anali ndi ufulu wovota, ndipo anali mbali ya otuluka. Ankandiuza pa foni kuti, "Achimwene, munthu wochokera ku Poland kapena ku Romania amangokwera basi n'kudzayamba ntchito popanda viza, pamene namwino wochokera kwathu amalipira ndalama zankhaninkhani n'kumadikira miyezi. Chilungamo chili pati?" Ankanenanso za basi yofiira ija imene inalembedwa kuti Britain imatumiza mapaundi 350 miliyoni ku EU sabata iliyonse, bwanji ndalamazo zipite ku zipatala za boma za NHS. Munthu wogwira ntchito usiku m'wodi yoperewera anamwino, mawu amenewo ankawafika pamtima.

Ine ndinali mbali inayo, osati chifukwa chokonda EU, koma chifukwa ndinkadziona wochenjera. Ndinkamvera BBC ndikupala matabwa, ndipo ndinamva kuti a makampani obetcha ndi a misika ya ndalama akuyembekezera kuti ofuna kukhalabe apambana. Ndinamvanso kuti paundi yatsika chifukwa cha mantha a voti, ndipo mantha akatha idzakwera. Ndinatenga pensulo yanga ya kukhutu n'kuwerengera pa thabwa: paundi ikafika pa dola imodzi ndi masenti 55, mapaundi 6,200 adzabala madola oposa 9,600. Phindu la madola 600 osatuluka thukuta, matumba a simenti pafupifupi makumi asanu. Ndinawaimbira achemwali n'kuwauza kuti asatumize kaye, tidikire voti idutse. Anaseka, amvekere, "Ndiye mukubetcha kuti mbali yanga iluza?" Ndinati eya. Anavomera chifukwa ine ndi amene ndinali pamalopo, ndipo ankandikhulupirira.

Lamlungu lomaliza voti isanachitike, ababa anandimva ndikudzitama pakhonde. Iwo salankhula zambiri, koma tsiku limenelo anandikhazika pansi. Anati pamene ankabwera, Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anali mu chitaganya chimodzi chimene chinayamba mu 1953, likulu lake Salisbury. Anthu akwathu ankadana nacho chitaganyacho, ndipo iwonso ankadana nacho, poti chinali chokomera azungu a kuno. Ankasonkha nawo ndalama za chipani mobisa, ndipo analira pamene Dr Banda anamangidwa mu 1959 n'kutsekeredwa ku ndende ya Gwelo, imene pano ndi Gweru. Chitaganya chitatha pa 31 Disembala 1963 anavina usiku wonse ku lokeshoni. "Koma mwana wanga," anatero, "amene tinavina kunofe ndi amene tinatsala pakati. Anzathu kumudzi anapeza dziko, ife tinapeza chitupa cholembedwa kuti mlendo." Chitupa chimenecho anayenda nacho zaka makumi ambiri, akutchedwa mabhurandaya, dzina lonyoza anthu ochokera ku Malawi, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri obadwira kuno opanda dziko mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013 anakonzako zinthu. Sankanena kuti kuphwanya chitaganya kunali kulakwa, ayi. Ankanena kuti mayiko akamalekana palibe amene amadziwiratu kumene zibanthu zigwere, ndipo munthu wamng'ono asaike mbale yake pansi pa mtengo umene ukudulidwa. Anamaliza ndi mawu akuti, "Ndalama zakwana, kalipire." Ine ndinayankha mwaulemu kuti ndamva ababa, koma mumtima ndinkati nkhalamba ikufanizira za atsamunda ndi misika ya masiku ano.

Lachinayi pa 23 Juni sindinagone. Malo ovotera anatsekedwa 10 koloko usiku kwawoko, kuno ili 11. Paundi inakwera mpaka kukhudza dola imodzi ndi masenti 50, ndipo ndinadzutsa mayi a kunyumba kuwaonetsa pa foni. Cha m'ma 1 koloko zotsatira za mzinda wa Sunderland zinatuluka, otuluka atapambana ndi mavoti ambiri kuposa mmene ankayembekezera, ndipo nambala ija inayamba kutsetsereka ndikuiona. Kukucha, BBC inalengeza kuti otuluka apambana. Anapeza mavoti 17.4 miliyoni, enawo 16.1 miliyoni, kapena kuti 52 pa 100 alionse kwa 48. Scotland, Northern Ireland ndi London anavota zokhalabe, koma sizinathandize. Paundi inagwa kufika cha m'ma dola imodzi ndi masenti 33, kutsika kumene kunali kusanaonekepo chiyambire 1985. Pamene Cameron ankalengeza kuti atula pansi udindo, ine ndinali nditakhala pa benchi ya ku shedi, m'mimba mukutentha, ndikulephera ngakhale kugwira sowo.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa kulakwa kwanga kwakukulu sikunali kumeneku. Mu Julayi monse paundi inkazungulira pa dola imodzi ndi masenti 30 kapena kuposerapo pang'ono. Achemwali akanatumiza nthawi imeneyo, ndikanaperewera madola pafupifupi 900. Ndalama zimenezo zinali zotheka kuzipeza. Ndinali mu chipereganyu ndi anzanga a ku shedi, ndikanapempha kuti ndilandire msanga, ndikanagulitsanso masofa awiri pamtengo wotsika. Koma mtima sunkalola kuvomera kuti ndaluza. Pa WhatsApp anthu ankatumizirana nkhani zoti anthu mamiliyoni asayinira pempho loti voti ibwerezedwe, zoti nyumba ya malamulo ikana, zoti paundi ibwerera. Ndinkasankha nkhani zondisangalatsa n'kumazikhulupirira. Ndinapita kwa mwini sitandi kukapempha kuti andiwonjezere masiku mpaka kutha kwa Okutobala, ndidzamuwonjezera madola 200. Anavomera ndi pakamwa, tinagwirana chanza, osalemba kanthu.

Mgwirizano uliwonse wosintha tsiku lolipira, lembani papepala lomwe lija, musayinirane pali mboni. Ndipo ngati ngongole yanu ili mu madola, ndalama zanu zili mu mapaundi kapena marandi, tsiku limene zakwana ndi tsiku lolipira. Ngati mtima ukukakamira kubetcha, tumizani zambiri n'kusiya zochepa zoti zikapsa musalire.

Miyezi imeneyo kunonso kunali kotentha. Pa 6 Julayi anthu sanapite kuntchito m'dziko lonse, m'mabanki munali mizere yogonera pomwepo, ndalama zotapa pa tsiku zinali zochepa, ndipo boma linali litalengeza kale kuti libweretsa mabond note, ndalama za mapepala za dziko lino zimene linkati n'zofanana mphamvu ndi madola a ku America. Makasitomala anasiya kugula mipando. Kenako kumayambiriro kwa Okutobala nduna yaikulu yatsopano, Theresa May, inanena kuti iyambitsa ndondomeko yotulukira pasanathe mwezi wa Malichi 2017, ndipo paundi inagwanso mpaka cha m'ma dola imodzi ndi masenti 22. Mapaundi 6,200 aja tsopano anali madola osakwana 7,600. Kuperewera kunafika pa 1,400, osawerengera 200 ndinalonjeza ija. Ndinathamangathamanga koma sizinakwane. Sabata yoyamba ya Novembala mwini sitandi anandiuza kuti wagulitsa kwa munthu wina wobwera ndi madola enieni m'manja, poti iyenso ankathawa mabond note amene anatuluka pa 28 mwezi womwewo. Nditafunsa za chikole anangonditulutsira pepala lija, chala chili pa 31 Julayi. Sindingamunene kuti wakuba. Pepala linali kumbali yake.

Ine ndinkadikira kuti nkhani ya Brexit ithe kuti paundi ikhazikike. Ndikanadziwa! Voti ndi tsiku limodzi, koma kulekana kwa mayiko ndi zaka. May anapereka kalata yotulukira pa 29 Malichi 2017, nyumba ya malamulo inakana mgwirizano wake katatu, tsiku lotuluka linasunthidwa katatu, iye anatula pansi udindo, ndipo Britain inatuluka pa 31 Januwale 2020 pansi pa Johnson, malamulo akale n'kupitirirabe mpaka kutha kwa chaka chimenecho. Munthu wokhala ndi tsiku lolipira la miyezi iwiri sangadikire zinthu zotere.

Achemwali anatumizabe ndalamazo mu Disembala, atakhumudwa. Zina zinapita ku matenda a amayi ndi fizi ya ana, zotsala ndinaika ku banki kuti ndisazidye. Mu 2019 ndalama za m'mabanki zinasandutsidwa madola a RTGS, ndalama ya dziko lino imene inatha mphamvu msanga, ndipo zimene zinatsala sizikanagula ngakhale zitseko. Ine ndi achemwali tinakhala pafupifupi chaka tikungopatsana moni wa pa gulu la banja. Iwonso anali ndi bala lawo. Anandiuza pambuyo pake kuti patangopita masiku ochepa voti itachitika, wodwala wina amene ankamusambitsa anawauza kuti tavota kuti nonse muzipita kwanu. Iwo amene anavota naye mbali imodzi.

Ulendo wachiwiri unabwera ngati dalitso. Kuyambira pa 1 Januwale 2021 anthu a ku EU anasiya kulowa mwaufulu kukagwira ntchito ku Britain, ndipo nyumba zosamalira okalamba zinasowa antchito. Mu Febuluwale 2022 boma la Britain linalola kuti osamalira okalamba ochokera kunja azipatsidwa viza ya Health and Care Worker. Amene munali mu Harare nthawi imeneyo mukukumbukira. Aliyense ankachita kosi ya nurse aide, aphunzitsi, a ku banki, ngakhale makondakitala a kombi, ndipo mawu akuti CoS, umboni wochokera kwa bwana wa ku Britain woti wakulemba ntchito umene umafunika popempha viza, ankamveka mpaka kumaliro. Achemwali analemba pa gulu kuti, "Mwaona, khomo ndinkanena lija latseguka." Sananame.

Mwana wanga wamkazi woyamba anali ndi zaka 23, ali ndi dipuloma koma ntchito palibe. Anachita kosi ija, analemba mayeso a Chingerezi a IELTS n'kukhoza. Mnzanga wina anandilozera kwa ejenti amene anali ndi ofesi yooneka bwino m'tauni, makapeti ndi mtsikana wolandira alendo. Anati CoS ndi madola 4,500, theka poyamba, theka ikatuluka. Ndinagulitsa makina anga opalira matabwa, ndinatenganso katapila. Achemwali sindinawauze. Manyazi a sitandi ija anali adakandigwira, ndipo ndinkafuna kuti adzangomva kuti mwana akukwera ndege, adziwe kuti mlongo wawo nayenso amatha kuyendetsa zinthu. Safunsa anadya phula.

Patapita milungu isanu ndi umodzi anatitumizira pepala pa WhatsApp, lili ndi dzina la kampani, nambala yaitali ndi chidindo. Ndinamaliza kulipira tsiku lomwelo. Kenako nkhani zinayamba: musapemphe viza kaye, kampani ikukonza zina, sabata ya mawa, mwezi wa mawa. Satifiketi ya kuyezetsa TB, imene imagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi yokha, inatha mphamvu tikudikira. Mwana anayamba kuonda ndi maganizo. Ndi iye amene anaswa chinsinsi n'kutumiza pepala lija kwa azakhali ake. Sipanathe ola, foni inalira. "Achimwene, kampani imeneyi palibe pa mndandanda wa boma. Mwalipira zingati?" Nditatchula, kunali zii kwa nthawi yaitali, kenako ndinamva akulira.

Zimene anachita achemwali pa mphindi zochepa, inenso ndikanatha kuchita pa foni yanga. Boma la Britain limaika poyera pa webusaiti ya gov.uk mndandanda wa mabwana onse ololedwa kuitana antchito akunja, ndipo aliyense akhoza kufufuzapo dzina kwaulere. Nyumba zosamalira anthu ku England zimalembetsedwanso ku bungwe loziyang'anira la Care Quality Commission, nakonso dzina limafufuzika. CoS si pepala lachidindo logulitsidwa pa kauntala, ndi nambala imene bwana amakupatsa kudzera mu kompyuta za boma atakulemba ntchito, ndipo uyenera kupempha viza pasanathe miyezi itatu. Nthawi imeneyo bwana ankalipira boma mapaundi 199 okha pa CoS imodzi, ndipo malamulo a ku Britain salola ejenti kulipiritsa munthu kuti amupezere ntchito. Chizindikiro china chimene ndinachinyalanyaza n'chakuti mwana wanga sanafunsidwepo mafunso ndi bwana aliyense. Ndani angalembe munthu wosamalira nkhalamba zake osamuona nkhope ngakhale pa vidiyo? Dziwaninso kuti dzina kupezeka pa mndandanda sikokwanira, poti akuba ena amabwereka mayina a makampani enieni. Lemberani kampaniyo nokha pa adiresi ya pa webusaiti yake, mufunse ngati ikumudziwa munthu wanuyo.

Titapita ku ofesi kuja tinapeza mwalowa ogulitsa mafoni. Tinakadandaula ku polisi, kumene tinapeza anzathu ena oposa khumi a nkhani yomweyo. Munthuyo anagwidwa, mlandu unayenda mwakachetechete, ndipo pa madola 4,500 ndinabwezeredwa 600. Katapila ndinamaliza kubweza patatha chaka ndi miyezi iwiri, nditalipira pafupifupi kawiri ndalama ndinatenga. Nthawi yonseyo ndinkachita kubwereka makina kwa anzanga, kulipira pa thabwa lililonse.

Mwana anapita ndithu mu Seputembala 2023, koma kudzera njira yoongoka. Azakhali ake anamuthandiza kulemba makalata ofunsira ntchito mwachindunji ku nyumba zosamalira okalamba, anakanidwa kambirimbiri, kenako ina inamufunsa mafunso pa vidiyo kawiri n'kumutenga. Tinalipira kuyezetsa TB kachiwiri, kalata ya ku polisi, viza imene inali yosakwana mapaundi 300, ndi tikiti ya ndege. CoS sitinalipire ngakhale senti. Ntchito ndi yolemetsa, lendi imadya gawo lalikulu la malipiro, ndipo anzake ena amene anagula ma CoS anafika n'kupeza kuti bwana alibe maola owapatsa, ena mabwana awo analandidwa ziphaso iwo n'kutsala m'malere.

Khomo lija silinakhalitse. Anthu omwe anavota kuti alendo achepe anaona kuti alendo achuluka kuposa kale, kungoti tsopano akuchokera ku India, ku Nigeria ndi ku Zimbabwe, ndipo mtsutso unayambiranso. Kuyambira pa 11 Malichi 2024 osamalira okalamba analetsedwa kutenga mabanja awo, ndipo pa 22 Julayi 2025 njira yolemba osamalira okalamba atsopano kuchokera kunja inatsekedwa. Ndiye wina akakuuzani kuno ku Harare kuti ali ndi CoS ya ntchito imeneyi, yambani mwawerenga nokha malamulo a viza pa gov.uk musanatulutse ngakhale dola ya kombi.

Ine ndi achemwali tinakhululukirana. Za voti sitikambirananso. Iwo amati mwina akanavota mwina, mwina ayi, zimatengera tsiku limene mwawafunsa. Tinagwirizana kuti iwo ndi mwana azitumiza pa tsiku limodzi mwezi uliwonse, paundi ikwere kapena itsike, ndipo ine ndikalandira ndimagula njerwa kapena simenti sabata yomweyo. Chaka chatha tinapeza sitandi ina yaing'ono, kutali ndi tauni kuposa ija, ndipo khoma lafika pa mawindo. Ya ku Budiriro ija ndimaidutsa ndikamakapereka katundu, pali nyumba ya geti yobiriwira ndi mtengo wa mapeyala umene wayamba kale kubereka.

Ababa akalamba kwambiri, maso sakuonanso bwino. Tsiku lina ndinawatenga kukagwira khoma latsopanolo ndi manja awo. Analisisita, n'kufunsa kuti simenti ndinagula zingati thumba, kenako anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Kodi azungu aja anamaliza kutuluka?" Ndinawauza kuti anatuluka kalekale, koma akukanganabe. Anangogwedeza mutu n'kupempha kuti ndiwapezere pokhala pamthunzi.